Bedi la mbewu kuseri kwa nyumba

Chaka chimene maofesi athu ankasamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe, ine ndinali tayipisiti wachitsikana, ndipo ndinkayenda ngati boma lonse ndalisenza ndine pamutu. Mafayilo anakwera malole, makina athu otayipira anakulungidwa m'mabulangete, ife tinakwera basi. Bambo anga anakwera nawo, chifukwa mayi anali atamwalira, ndipo mzungu amene bambo ankamugwirira ntchito ya m'galadeni anali atabwerera kwawo. Katundu wawo yense anali sutikesi imodzi, khasu, mpeni wopinda, ndi kachitini ka fodya momwe munali mbewu.

Mbewuyo inali ya maluwa oyera amene dona wa mzunguyo ankawatcha ajeretamu. Anawapatsa tsiku lotsanzikana, m'malo mwa jekete limene bambo ankaliyembekezera. Kuti mumvetse vuto langa muyenera kudziwa ntawetawe, udzu uja womera paliponse m'munda, wa timaluwa tabuluu totuwa, wonunkha ngati tonde ukautikita m'manja. Maluwa a bambo anali abale ake enieni a udzu umenewu. Masamba ankafanana, ubweya wa pamasamba unali womwewo. Kusiyana kwake, a bambo ankatalika kufika m'chiuno, ndipo pamwamba ankamasula oyera mbee, ofewa ngati thonje longophulika kumene. Mzungu akawaona ankaona maluwa. Mmalawi akawaona ankayamba kufunafuna khasu.

Boma linandipatsa kanyumba ku Area 18, mumzere wa tinyumba tofanana, moti mwezi woyamba anthu ankagogoda pamakomo a eni akufuna kwawo. Mitengo kunalibe. Kunali fumbi lofiira lolowa mpaka m'shuga. Ku City Centre nyumba zazikulu zinkangotumphuka pakati pa tchire, ndipo kuchoka kumeneko kupita ku Old Town, kumene kunali msika ndi masitolo, munthu ankadutsa thengo lenileni. Anzanga a ku Zomba ankalira phiri lawo tsiku ndi tsiku. Bambo sanalire kanthu. Pomafika sabata yachiwiri anali atapempha kale kadimba m'mphepete mwa mtsinje wa Lingadzi kwa eni malo, ndipo anali atayamba kugalauza.

Ntchito ya maluwawa ndinkaidziwa bwino lomwe, ndipo ndikunena izi dala, chifukwa pambuyo pake ndinadzanama kuti sindinkaidziwa. Ndinakulira m'mabedi amenewa. Mbewu yake ndi yaing'ono ngati fumbi, ndipo saikwirira, amangoiwaza pamwamba n'kuitsendera ndi chikhatho. Mbande zikakula pang'ono bambo ankazitsina kumutu kuti ziphuke nthambi zambiri. Ankakhoma zikhomo n'kuluka mlaza pamwamba pa bedi kuti mapesi akule owongoka, poti duwa lopindika palibe woligula. Madzi ankathira pansi, patsinde, chifukwa duwa loyera likanyowa limada. Kudula kunali kwa mmawa, maluwa asanamasule onse, ndipo phesi lililonse ankalipulula masamba am'munsi n'kuliika m'ndowa ya madzi nthawi yomweyo, lisanadziwe n'komwe kuti ladulidwa.

Kenako ankamanga ndowa ziwiri panjinga imene anagula titafika, kufunditsa chiguduli chonyowa, ulendo wa ku Area 10. Kumeneko kunali nyumba zatsopano za akazembe ndi mabwana, zokhala ndi matebulo aakulu koma zopanda duwa ndi limodzi lomwe pabwalo, poti kapinga yemwe anali asanagwire. Alonda a m'mageti anawazolowera, ankangomva belu la njinga n'kukaitana dona. Loweruka ankapita kumsika wa ku Old Town. Amayi ogulitsa nyemba ankawaseka kuti madala awa atha nzeru, akugulitsa zopalira, koma pomafika masana ndowa zinali zopanda kanthu. Ndiwo za m'nyumba mwathu zinkachokera m'ndowa zimenezo. Ngakhale nsapato zanga zazitali zimene ndinkagogoda nazo m'makonde a ku ofesi zinachokera momwemo, malipiro anga atachedwa.

Lolemba lililonse bambo ankabweretsa mtolo ku ofesi kwathu, chifukwa bwana wamkulu ankafuna maluwa patebulo lolandirira alendo. Ine ndinali nditawapempha, ndi ulemu wonse umene munthu angakutire nawo chipongwe, kuti akandiona kumeneko asamandipatse moni. Ndinati malamulo a ku ofesi salola. Anati amva. Ndiye ankalowa atavula chipewa, mathalauzi atawamanga ndi luzi m'akakolo kuopa tcheni cha njinga, n'kudutsa pafupi ndi tebulo langa maso ali pansi ngati sandidziwa. Tsiku lina mnzanga wotayipa naye, mtsikana wa konkuno ku Lilongwe, anawaperekeza ndi maso mpaka pakhomo, kenako anaphulika kuseka. Anati madala amenewa ndi ochenjera kuposa tonse muno, kwawo ntawetawe amalipira aganyu kuti amuzule, koma awa akumugulitsa kwa bwana. Ofesi yonse inaseka. Ine ndinaseka nawo, ndipo ndikukumbuka kuti ndinaseka kwambiri kuposa onse.

Pa ntchito yonseyi panali lamulo limodzi limene bambo sankaliphwanya. Mbewu sankasunga ya kudimba. Kumtsinje kunali ntawetawe wambiri, ndipo ankaopa kuti njere zingasakanikirane, maluwa awo n'kusanduka udzu. Choncho chaka chilichonse ankasankha mbande zamphamvu n'kuzibzala pakhomo, kuseri kwa nyumba, pamene akanatha kuziyang'anira. Bedi limenelo sankadulamo duwa ngakhale munthu atawapempha chotani. Ankalisiya kuti limasule, lifote, lide, mpaka njere zikhwime. Ndipo kunena zoona, bedi la mbewu likafika pamenepo silikhala ndi maonekedwe. Limakhala lakuda, lanyankhalala, masamba am'munsi ali lende, ngati pakhomo pa munthu amene wadwala nthawi yaitali.

Chaka chachitatu, m'nyengo yotentha, mathirakitala okankha dothi anafika kudimba kuja. Kunkadutsa msewu watsopano, ndipo panalibe wotsutsa, poti mzinda wonse unkamangidwa choncho. Bambo anadula zimene akanatha kudula, zotsalazo zinakwiririka. Sanadandaule kwambiri. Anapeza malo ena m'mphepete mwa mtsinje wa Lilongwe, kufupi ndi Old Town, n'kuyamba kuswa mphanje. Mbewu ya m'kachitini inali itathera m'mabedi amene anakwiririkawo. Chimene chinatsala cha maluwa oyera aja, padziko lonse limene ife tinkalidziwa, chinali bedi la kuseri kwa nyumba. Madzulo aliwonse ankathyola kamutu kamodzi n'kukafikisa m'chikhatho. Anandiuza kuti kwatsala sabata ziwiri.

Nthawi yomweyo ndinali ndi wondifunsira, mnyamata wa kumpoto wogwira ntchito ku ofesi ina ya boma, munthu wovala tayi ngakhale Loweruka. Kwawo kunali aphunzitsi, anamwino ndi akulu a mpingo okhaokha. Iyeyo ntchito ya bambo ankaidziwa ndipo sankaona vuto lililonse. Vuto ndinkaliona ndine. Amene ndinkawaopa anali azakhali ake omwe anamulera, mayi wokhala ku Area 15, amene mbiri yawo inali yakuti mtsikana amayamba kumuyang'ana pabwalo, kenako kuseri kwa nyumba, kumaso n'komalizira. Uthenga unabwera wakuti Loweruka masana adzafika kudzaona pakhomo pathu, nkhani za ankhoswe zisanayambe.

Sabata yonseyo ndinachapa makatani, ndinakwecha pansi, ndinabwereka makapu ofanana kwa aneba. Koma ndikangotuluka khomo la kukhitchini, bedi lija linali pomwepo, likundiyang'ana. Kwathu tinaphunzitsidwa kuti pakhomo pa mkazi pamadziwika ndi tsache. Bwalo liyenera kukhala loyera, mizere ya tsache ikuoneka, popanda ndi kaudzu komwe. Ndinkaona kale azakhaliwo ataima pamenepo, chikwama chili pamkono, akufunsa kuti kodi m'nyumba muno mulibe khasu. Lachinayi ndinawafunsa bambo ngati sangakolole msanga. Anati njere zosakhwima ndi mankhusu chabe. Lachisanu ndinawafunsa ngati sangalitchinge ndi mphasa. Anaseka, n'kunena kuti mlendo ndi mame, abwera n'kupita, koma mbewu ndi ya chaka chonse.

Loweruka bambo anadzuka mmawa kupita kumunda watsopano, atalonjeza kubwerako nthawi yabwino kuti asambe. Belu la njinga litangozimirira pakona, ndinatenga khasu. Sindinganene kuti mutu unandizungulira kapena kuti satana anandinyenga. Ndinali bwinobwino. Ndinamanga chitenje, ndinazula zikhomo, ndinalima bedi lonse kuyambira uku mpaka uko. Sizinanditengere nthawi n'komwe. Ndinaunjika zonse kudzala, ndipo poti mapesi ena anali akadali aawisi, ndinathirako parafini. Utsi wake unali wonunkha, unandilowa m'tsitsi. Kenako ndinasalaza dothi, ndinawaza madzi, ndinasesa mizere yokongola ngati ya pabwalo la tchalitchi. Nditamaliza ndinaima chapatali n'kuyang'ana, ndipo mtima wanga unakondwa. Chimenechi ndicho chimandipweteka mpaka lero, kuti ndinakondwa.

Bambo anafika dzuwa lili pamutu. Ndinamva akutsamiritsa njinga kukhoma. Ndinali m'khitchini, ndikudula anyezi amene ndinali nditadula kale. Patapita nthawi anaima pakhomo, chipewa chili m'manja.

"Mwanangu, bedi lija lapita kuti?"

Ndinayankha ndisanatembenuke. Ndinati ndimayesa ndi ntawetawe wangomera, ndimayesa mbewu anakolola kale. Mabodza awiri osagwirizana, m'mpweya umodzi, kwa munthu amene anandiphunzitsa kutsina mbande ndisanayambe sukulu. Ndinayembekezera kuti akalipe. Ndinkafuna kuti akalipe, kuti nanenso ndikweze mawu, ndinene za ulemu wa pakhomo ndi tsogolo langa, poti mawu amenewo ndinali nditawakonza kale. Iwo anangoyang'ana kudzala kumene utsi unali kufukabe, n'kufunsa ngati madzi osamba alipo.

Alendo anafika pa nthawi yake. Mnyamata wanga anali patsogolo, thukuta lili kamukamu m'kolala, azakhali ake pambuyo, mayi wamtali wovala magalasi ndi duku lowuma ndi sitachi. Ndinagwada, ndinalandira chikwama, ndinawalowetsa. Bambo anatuluka kuchipinda atavala malaya awo oyera a ku tchalitchi. Azakhali aja atangowaona anaima, anatsitsa magalasi, kenako anaomba m'manja.

"Kodi si adada a maluwa awa?"

Zinapezeka kuti Loweruka lililonse ankagula mtolo kwa bambo kumsika wa ku Old Town, wokaika patebulo la kutsogolo ku tchalitchi kwawo. Anali atawasowa kwa masabata angapo ndipo ankafunsa amayi a nyemba kuti madala aja apita kuti. Anakhala pansi ali kuseka, n'kuyamba kumuuza mwana wawo kuti bwanji sananene kuti akukwatira kwa munthu wa manja otere. Anati maluwa ena onse amafota Lamulungu lisanathe, koma a adadawa amafika Lachitatu ali chiimire. Anati iwo anakulira pa mishoni ndipo amadziwa kuti duwa lotere silimera lokha, pamafunika munthu wodekha. Tiyi anazizira m'makapu obwereka aja iwo akukambirana za manyowa. Ine ndinali nditakhala pamphasa pafupi ndi khomo, ndikumva fungo la utsi m'tsitsi langa.

Kenako ananena chimene ndinkachiopa. Anati nkhani ya maluwa a pa ukwati ndiye yatha kale, tchalitchi chonse chidzayera, ndipo anapempha kuti akaone pamene adada amasungira mbewu. Ndinayang'ana pansi. Ndinamva bambo akukonza kukhosi.

"Pepani mayi, chaka chino mbewu yandivuta. Ndinaisamala molakwika."

Azakhali anadandaula nawo, anati zimachitika, ngakhale mlimi wamkulu chaka china chimamulaka. Komabe kuseri kwa nyumba anapitako, poti ndiwo unali mwambo wawo. Anayang'ana thandala la mbale, anayang'ana chingwe choyanikira, anayang'ana dothi losalala lija ndi mizere yake ya tsache. Anatembenukira kwa mwana wawo n'kunena kuti mtsikanayu ndi waukhondo, pakhomo pake palibe ndi kaudzu komwe. Bambo anavomera kuti eya, ndi waukhondo kuyambira ali mwana. Ndikanakonda nthaka ikanang'ambika ndilowemo, koma ndinali nditaisalaza bwino kwambiri.

Ukwati unavomerezeka. Anthu ankandiyamikira. Bambo sanaitchulenso nkhaniyo. Lolemba anapita ku Old Town n'kuzungulira masitolo onse ogulitsa mbewu. Anapeza timapaketi ta ajeretamu wabuluu, wamfupi, wobzala m'mphepete mwa njira, wosafika ndi m'bondo momwe. Woyera wamtali panalibe amene anamumvapo. Anafunsa anzawo a m'magaladeni a ku Area 10, anangopukusa mitu. Ine ndinatayipa kalata yopita kwa dona uja kutsidya kwa nyanja, pa keyala yakale imene bambo ankaisunga m'Baibulo. Ndinaitayipa bwino, yopanda cholakwika ndi chimodzi chomwe, ngati kuti zimenezo zikanathandiza. Yankho silinabwere.

Chimene bambo anachita ndi ichi. Anatenga kheni n'kuyamba kuthirira dothi lopanda kanthu lija, mmawa ndi madzulo. Anati mwina timitu tina tinali titakhwima msanga, mwina njere zina zinayoyoka ndisanalime. Ananena kuti “zisanalimidwe”, sananene kuti ndani analima. Anakokolola ngakhale phulusa la m'mphepete mwa dzala n'kuliwaza pomwepo. Aneba ankasuzumira pampanda kuona mkulu akuthirira fumbi. Ine ndinayamba kudzuka iwo asanadzuke kuti ndikatunge madzi, ndipo ankandilola.

Patatha masiku angapo, timbewu tinamera. Tinali tambiri ndithu, tamasamba aubweya, tofanana ndendende ndi timene ndinkatidziwa. Ndinathamangira m'nyumba kukawaitana ngati kamwana. Anagwada, anatiyang'ana nthawi yaitali, anagwira tsamba limodzi n'kulinunkhiza. Anangoti tiyeni tione. Anatipatulira, anatitsina kumutu, anakhomanso zikhomo n'kuluka mlaza. Lero ndikaganiza, ndimakhulupirira kuti anadziwa tsiku lomwelo. Munthu amene wagwira mbewu imodzi zaka zonsezo sangasocheretsedwe ndi tsamba. Koma ankaona mmene ndinkathamangira ndi kheni ndisanapite ku ntchito, nsapato zazitali zili m'manja, ndipo anapitiriza kusamala bedilo ngati ndi lenileni.

Ine ndinali nditakonza zonse mumtima. Ndinati duwa loyamba loyera likangomasula, ndidzagwada pamaso pawo n'kunena zoona, kuti ndinkadziwa, kuti ndinachita dala, kuti ndinachita nawo manyazi. Ndinkafuna kupepesa zinthu zitakonzeka kale, kuti kupepesako kusandiwawe. Ndi mmene ndinalili.

Mvula yoyamba itagwa, bedi linamasula. Linali Loweruka mmawa. Mapesi anali aafupi, oonda, ndipo pamwamba pake panali timaluwa ting'onoting'ono tabuluu totuwa. Ndinayenda mzere wonse ndikuvundukula masamba, kufunafuna loyera ngakhale limodzi. Panalibe. Anali ntawetawe yekhayekha, amene njere zake zinabwera ndi manyowa amene bambo ankatenga kumtsinje. Miyezi iwiri tinkathirira udzu, tikuutsina kumutu, tikuumangira mlaza.

Bambo sanalimenso maluwa. Kumunda watsopano kuja anabzala mpiru ndi tomato, ndipo ndi zimene anagulitsa kumsika, pafupi ndi amayi a nyemba aja, mpaka mphamvu zitawathera. Ku ofesi kwathu sanabwerenso, ndiye panalibenso wondichititsa manyazi. Pa ukwati wanga patebulo panali maluwa apulasitiki obwereka. Kachitini ka fodya kaja ndinakapeza m'sutikesi mwawo atamwalira, kali kotsuka bwino, kopanda kanthu.

Koma mmawa umene bedi linamasula uja, bambo anaima pambali panga, manja ali kumbuyo, akuyang'ana bedilo. Ndinatsegula pakamwa, mawu amene ndinawasunga miyezi iwiri anakana kutuluka, poti ndinali nditawakonzera duwa loyera. Iwo anapita kukhoma, anatenga khasu lomwe lija, n'kundipatsa ndi manja awiri.

"Uyu ndiye ntawetawe, mwanangu. Uyu ukhoza kulima."

Ndinalima bedi lonse misozi ikugwera pa mpini, iwo akuzula zikhomo n'kumakulunga mlaza bwinobwino, ngati adzaugwiritsanso ntchito.